Chingwe Choyezera Mwana Wanga

Ndine telala. Ndakhala pakhonde la golosale ina pa Songani zaka zambiri, moti anthu polondolera anzawo njira amati, "Mukafika pa telala wolusa uja mukhotere kumanzere." Kulusako sindikana. Munthu akabwera ndi kansalu kochepa n'kumafuna kuti mutuluke siketi ndi bulauzi ndi mpango womwe, ndimamuuza pamaso kuti apite kwa amene amachita zozizwitsa. Amanyanyala, koma amabwerabe, chifukwa msoko wanga sumasuka.

Kumbuyo kwa makina anga kuli msomali, ndipo pamsomalipo ndinapachikapo zingwe za khonje zokhala ndi mfundo. Makasitomala ena amayesa mankhwala oitanira malonda. Ndimangowasiya aganize zimenezo. Zingwezo ndi miyezo ya mwana wanga wamkazi, mwana mmodzi yekhayo amene Mulungu anandipatsa. Chimodzi n'chachitali kuposa zinzake zonse, ndipo n'chimene ndikufuna kunena, chifukwa ndinachiwerenga molakwa n'kutaya nacho mwanayo.

Ndinakwatira ku Malemia, n'kukakhala chikamwini kwao kwa mkazi. Iye anali wa banja lachikhristu, la Alomwe amene agogo awo anachokera ku Mozambiki. Ine ndine Msilamu, wa banja la ochita malonda. Anthu amakonda kunena kuti chinatilekanitsa ndi chipembedzo, koma si zoona. Iye ankapita kutchalitchi kwake, ine kumzikiti kwanga, ndipo mwezi wosala kudya ankandiphikira osadandaula. Chinatilekanitsa ndi pakamwa panga ndi kukhala chete kwake. Alamu anga ankafuna kuti ndizikhala nawo m'munda wa mpunga nthawi yookera, pamene ine ndili ndi mulu wa mayunifolomu a ana asukulu. Ankandiseka kuti ndine mkamwini wa m'manja mosalala. Mkazi wanga sankandiikira kumbuyo, sankawaikiranso kumbuyo iwo, ankangosesa pabwalo. Tsiku lina ndinapsa mtima, ndinanena mawu oipa okhudza apongozi anga aakazi, anthu akumva. Sindiwalemba pano. Ankhoswe anakhala pansi kawiri, ulendo wachitatu unali wothetsa banja.

Ndinamangirira makina pakaliyala ya njinga m'mawa wa Lachinayi. Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anabwera n'kugwira lamba wa makinawo.

"Ababa, makina awonongeka?"

"Eya, awonongeka," ndinatero. "Ndikukakonzetsa."

Anandiperekeza mpaka pamtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo, n'kubwerera akudumphadumpha. Pamtengo womwewo ndinatembenuka n'kulumbira mokweza, kuti alamu anga amve, kuti phazi langa silidzapondanso pamudzipo.

Kwathu kuno mwana ndi wa kwa mayi, zimenezo sindinatsutse. Ankhoswe anagamula kuti mayi ake azimudyetsa, ine ndizimuveka, ndipo mawu aliwonse pakati pa awirife azidzera mwa ankhoswewo. Ndinavomera msanga, chifukwa zinkagwirizana ndi kulumbira kwanga. Chimene ndinkaopa ndi chimodzi chokha, ndipo ndinkachiopa tsiku ndi tsiku: kuti mwanayo adzandiiwala, kuti dzina loti ababa adzalipereka kwa munthu wina.

Patapita miyezi itatu, nkhoswe ya mkaziyo, malume ake okalamba, inabwera pa Songani pa njinga. Anakhala pabenchi, anapukuta thukuta, n'kutulutsa m'thumba la malaya kachingwe ka khonje kopindapinda.

"Akuti mukudziwa kale," anatero.

Ndinkadziwadi. Njira imeneyo mkazi wanga ndinamuphunzitsa ndine tili pabanja. Amayi ambiri a m'mudzi safuna kuyezedwa ndi mwamuna, ndiye mkazi wanga ankalowa nawo m'nyumba ndi chingwe. Kuyambira kunsonga, mfundo yoyamba inali mapewa, yachiwiri chiuno, yachitatu chifuwa, yachinayi utali wa diresi. Ine ndinkangoyala chingwecho pansalu n'kulemba ndi choko. Sankalakwitsa. Mfundo zake ankamanga kawiri, zolimba zoti sungamasule ndi zikhadabo.

Nkhalambayo itapita ndinakhala nthawi yaitali ndi kachingweko m'manja. Chiuno cha mwana wanga chinali kachidutswa kosakwana n'komwe mkono wanga. Ndinalira, ndikunena poyera, ndinalira nditaweramira pamakina ngati ndikufuna singano yogwa.

Zaka zitatu tinalankhulana choncho. Chingwe chikabwera ndiye kuti mwana akufuna chovala. Ine ndinkagula nsalu, kusoka, kupereka kwa nkhalambayo. Chingwe chatsopano ndinkachiyala pambali pa chakale kuti ndione kuti wakula bwanji. Chala chimodzi m'chiuno, zala ziwiri m'litali. Nthawi ina chiuno chinabwerera m'mbuyo, ndinadziwa kuti wadwala, ndinatumiza mazira ndi shuga popanda mawu. Mwanayo ndinkamuona mwa apo ndi apo, akamutenga kumsika, ndipo ankandiyang'ana mwamanyazi atabisala kumbuyo kwa chitenje cha azakhali ake.

Atakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi zinthu zinasintha. Miyendo ya malume aja inakana njinga, nkhoswe ya kwathu nayo inapita ku Joni kukafuna ntchito. Mwanayo anayamba kubwera yekha Loweruka lililonse, akutsagana ndi amayi obwera kudzagulitsa tomato ndi masamba. Ankafika dzuwa lisanatenthe, fumbi m'miyendo, n'kukhala pabenchi. Ankandilowetsera ulusi pasingano, chifukwa maso anga anali atayamba kale kundipusitsa. Masana tinkadya chinangwa chokazinga ndi tsabola. Asananyamuke ankaima pachipilala cha khonde, ine n'kulemba ndi choko pamene pafika mutu wake, kenako n'kukanda ndi msomali kuti mvula isafufute. Masiku a Loweruka amenewo ndiwo anali chuma changa.

Palibe anagamula kuti mwanayo akhale nkhoswe yathu. Zinangochitika. Ine ndinkati, "Ukawauze amayi ako," iwonso kumeneko ankati, "Ukawauze abambo ako." Foni ndinali nayo, iwonso anali nayo. Nambala yawo ndinaifufuta tsiku lomwe ndinachoka, koma m'mutu inakana kufufutika, mpaka lero ndikhoza kuitchula ndili m'tulo. Sindinaimbepo. Ndinkati woyamba kuimba ndiye wagonja.

Mauthenga anga sanali okoma. Ndikaona kolala ya yunifolomu yothimbirira ndinkati, "Ukawauze amayi ako kuti sopo sanathe m'dziko muno." Nthawi ina mwanayo anagona ndi malungo sabata yathunthu, ine n'kumva kwa amayi a tomato. Atachira n'kubwera, ndinamukalipira ngati wolakwa ndi iye. "Ukawauze kuti ine sindinafe. Mwana akadwala ndizimva kwa ogulitsa tomato? Ukawauze kuti alibe nzeru, ukanene momwemo." Iye ankangoyang'ana pansi n'kumati, "Chabwino, ababa."

Chodabwitsa n'chakuti mayankho ankabwera ofewa. "Amayi apepesa, akuti sadzachitanso." "Amayi akuti diresi lija ndi lokongola, anthu kutchalitchi amafunsa." Ndipo Loweruka lililonse, asanakhale n'komwe pansi, ankayamba ndi mawu omwewo: "Amayi akupatsani moni." Ine, chitsiru cha munthu, ndinkatupa nazo. Ndinkati mumtima, waona, wazindikira tsopano chimene anataya. Moniwo sindinkabweza. Ndinkangoti "Hmm," phazi lili pachopondera.

Kenako ndinamva kuti mayi ake akwatiwa ndi kalipentala wina, bambo wofatsa amene mkazi wake anamwalira n'kumusiyira mtsikana wamkulupo kuposa wanga. Sabata imeneyo ndinathyola singano zitatu. Loweruka ndinadikira mpaka titadya, ndipo ndinafunsa ngati nkhani yopanda pake.

"Bambo aja umawaitana kuti chiyani?"

"Ankolo."

"Ankolo basi?"

"Ankolo basi, ababa."

Ndinalowa m'golosale n'kumugulira chakumwa chozizira ndi mabisiketi, ndipo anandiyang'ana modabwa, chifukwa sichinali chizolowezi changa.

Chaka chimene anakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, kumapeto kwa Seputembala, anabwera ndi uthenga wachilendo.

"Amayi akuti mubwere kunyumba, pali nkhani."

"Ukawauze ndili ndi ntchito."

Loweruka lotsatira anabwerezanso. Ndinafunsa kuti ndi nkhani yanji, iye anati amayi akuti si nkhani yotuma mwana. Ndinaseka. Zaka zonsezi akhala akutuma mwana, lero aona kuti ndi mwana? M'kati mwa sabata imeneyo foni yanga inalira masana, ndili pakati podula nsalu. Ndinayang'ana, ndinaizindikira nambalayo nthawi yomweyo. Ndinaitola kuti ndiyankhe, sindinama. Koma ndinaiika pabenchi n'kumaionerera ikulira mpaka inasiya. Inaliranso kachiwiri. Ndinati alekeni avutike pang'ono, adziwe kuti ine si wongokodola.

Loweruka lachitatu mwanayo sanadye chinangwa chake. Anachigwira m'manja mpaka chinazizira.

"Ababa, amayi akuti chonde. Akuti ngakhale muime pamtengo wa mango paja, iwo abwera pomwepo."

Kutchula mtengo wa mango kuja kunandiyatsa moto. Ndinamenyetsa sizasi pathebulo, mwini golosale mpaka anasuzumira pawindo.

"Ndinalumbira pamtengo umenewo! Akufuna abale awo andione ndikubwerera ngati galu? Ukawauze kuti ngati ali ndi mawu amange pachingwe, monga amachitira masiku onse."

"Koma ababa..."

"Khala chete. Wamva zimene ndanena?"

"Ndamva."

Chingwe chinabwera Loweruka lotsatira. Mwanayo anachipereka ndi manja awiri, maso ali kumbali. Anati amayi akuti madiresi awiri, nsalu yokhuthala, manja aatali, ndipo mpendero ukhale waukulu. Nditachitambasula ndinaona kuti chili ndi mfundo zisanu. Yachisanuyo inali ya mkono, kuyambira paphewa kufika padzanja. Ndinatenga chingwe cha miyezi itatu yapitayo n'kuchiyala pambali pake. Chatsopanocho chinapitirira zala zinayi m'litali, zitatu pachifuwa, ziwiri m'chiuno. Palibe mwana amakula choncho m'miyezi itatu.

Munali mu Okutobala. Aliyense wa kuno akudziwa kutentha kwa mwezi umenewo m'chigwa cha Domasi, malata akuthetheka, phula la mumsewu wa ku Liwonde likunyezimira, ngakhale mbuzi zikubisala pansi pa magalimoto. Nsalu yokhuthala, manja aatali? Telala aliyense wanzeru akanafunsa kuti kodi mwanayu akupita kuti. Ine sindinafunse, chifukwa yankho ndinali nalo kale. Ndinakumbukira mtsikana wa kalipentala uja, wamkulupo, wamtalipo. Ndinati ehe, ndawagwira. Ayeza mwana wa mwamuna wawo kuti ine ndimuveke, wanga azidzavala zotsala. Andiyesa telala wa banja lawo.

Mwanayo anali atavinidwa kale chaka chomwecho, ndipo bambo sazunguliza tepi m'chiuno mwa mwana wamkazi wotere. Ndinaitana mayi a m'golosale kuti amuyeze kuseri kwa kauntala. Miyezo yawo inagwirizana ndi diso langa, inagwirizananso ndi chizindikiro cha pachipilala. Ndinagula nsalu yopepuka, yamaluwa achikasu, yabwino kuposa zonse zimene zinali pamsika tsiku limenelo. Ndinaiyala, ndinalemba ndi choko, ndendende thupi la mwana wanga monga linalili Loweruka limenelo. Manja aafupi. Mpendero wa chala chimodzi.

Iye anaima pambali panga akuyang'ana sizasi.

"Ababa, siyaniko pang'ono pansipa."

"Telala ndine kapena ndiwe?"

Nditadula ndinaona akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, ndinayesa ndi fumbi la minibasi imene inali itangonyamuka. Nsalu yotsala sindinafune kuti ipite kumudzi kuja, wina angalumikize. Ndinasokapo kachikwama ndi kansalu komangira tsitsi, zidutswa zina ndinataya.

Sindinasokepo diresi lokhala bwino ngati limenelo. Atalivala Loweruka linalo, amayi a tomato anaimba nthungululu, mwini golosale anatuluka kudzaona. Ndinanyada. Ndinati akaone kumeneko kuti mwana wanga ndimamudziwa popanda chingwe chawo. Tsiku limenelo anachedwa kunyamuka. Anasesa ulusi wonse pakhonde, anapukuta makina, anandilowetsera ulusi m'singano zisanu n'kuzibaya pakansalu kuti ndisavutike m'kati mwa sabata. Anaima pachipilala yekha ndisanamuuze. Potsanzika anati, "Tsalani bwino, ababa," anayenda pang'ono, n'kubwerera kudzanenanso mawu omwewo. Ine ndinamuuza kuti afulumire, anzake amusiya.

Loweruka lotsatira sanabwere. Ndinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Mayi wina wa tomato, wa m'mudzi womwewo, anaima pakhonde dengu lili pamutu.

"Inu atelala, muli pano? Simukatsanzikana ndi mwana? Anyamukatu mawa."

"Anyamuka kupita kuti?"

"Ku Mzuzu. Bambo aja anapeza ntchito kumeneko. Monga simukudziwa?"

Ndinasiya nsalu ya munthu ili pansi pa singano. Sindikumbuka kuti ndinatseka makina. Ndinapalasa njinga mumsewu wafumbi umene ndinali ndisanaupondemo zaka zisanu ndi chimodzi, kudutsa minda ya mpunga youma, kuwoloka kamlatho kamatabwa. Mtengo wa mango unali pomwepo, utabereka. Ndinaudutsa osatsika, ndipo palibe mlamu aliyense anatuluka kudzandiseka. Kulumbira kwanga kuja ndinkakukumbukira ndine ndekha.

Pakhonde panali matumba omangamanga, mphasa zokulunga, ndowa yodzaza ziwiya. Mayi a mwana anatuluka m'nyumba akupukuta manja. Anali ataonda pang'ono, ndipo kutsogolo kwa mpango kunkaoneka imvi zimene sindinkazidziwa. Anandiikira mpando pamthunzi, iwo anakhala pamphasa chapatali.

"Mwaswera bwanji, bambo a mwana?"

"Mukupita naye mwana wanga ku Mzuzu osandiuza?"

Sanakweze mawu. Sankakweza mawu ngakhale kale.

"Ndinakuitanani katatu. Ndinaimba foni kawiri."

"Mukanamuuza mwanayo anene!"

"Kuti anene chiyani? Kuti amayi akufunsa ngati mukundifuna? Mawu amenewo ndimusenzetse mwana?"

Ndinafunsa kuti akutanthauza chiyani. Anandifotokozera pang'onopang'ono, akuyang'ana mphasa. Sankafuna kumuchotsa mwanayo pasukulu yake atatsala pang'ono kumaliza pulayimale. Amayi awo anali odwala, ankapita kukakhala kwa mwana wawo wamwamuna ku Zomba, ndiye pamudzipo panalibe womusiyira. Anaganiza zoti mwanayo atsale ndi ine, azigona kwa mlongo wanga amene amakhala kuseri kwa msika wa Songani, ine ndizimuona tsiku lililonse.

"Ndinalimbana ndi abale anga miyezi iwiri," anatero. "Ankati mwana wathu sangapite kuchimuna, makamaka kwa munthu amene anatukwana mayi athu. Ndinawagwadira mpaka analola. Anati koma abwere yekha adzapemphe ndi pakamwa pake. Chinatsala n'chimenecho basi, kuti mubwere."

Tsiku lililonse. Osati Loweruka lokha, tsiku lililonse.

"Inu munati ndimange pachingwe," anapitiriza. "Ndinamanga. Ndinaonjezera za zaka ziwiri, chifukwa sindikudziwa kuti tidzabwera liti. Ndinaika manja aatali chifukwa kumeneko akuti kumazizira. Chingwe munandiphunzitsa ndinu, bambo a mwana. Ndinati telala akaona manja aatali mwezi uno adzafunsa. M'malo mwake mwatumiza diresi lothina bwino, lopanda pofutukula. Ndinati basi, ayankha."

"Atsale," ndinatero. "Ndabwera, si ine pano? Ndikupempha. Aitaneni alamu ndiwagwadire."

Anapukusa mutu. Kalata ya kusukulu anali atatenga kale, malo kumeneko anali atapezeka, amayi awo anali atapita kale ku Zomba ndi abale amene akanamva pempholo.

"Ndipo mwanayo walira masabata awiri, watonthola. Musamuyambitsenso."

Ndinayamba kudziteteza, monga mwa khalidwe langa. Ndinati ndikanadziwa bwanji kuti nkhani ndi yaikulu chonchi, pamene iwo Loweruka lililonse ankangonditumizira moni ndi kupepesa ngati zonse zili bwino.

Anakweza mutu. "Moni uti?"

"Moni umene mumanditumizira."

"Ine sindinatumizepo moni kwa inu chichokereni pano. Ndinu amene mumatumiza. Mumati ndimalera bwino mwana. Nthawi ya malungo ija munati ndisadandaule, matenda sauza munthu."

Tinayang'anana. Kenako tonse tinatembenukira kukhitchini. Mwanayo anali ataima pakhomo pake, m'diresi lamaluwa achikasu lija, manja atagwira felemu. Anali atamva zonse. Zaka zitatu mwana ameneyu ankayenda ndi matukwano anga kuchokera pa Songani, n'kumawataya panjira, n'kufika kwa mayi ake ndi mawu ena. Pobwerera ankachitanso chimodzimodzi. Ankachita yekha zimenezi, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, khumi, khumi ndi chimodzi, ife akuluakulu awiri tili ndi mafoni m'matumba.

"Ndimangofuna kuti musamakwiye," anatero. "Uthenga wa chingwe uja wokha ndi umene ndinanena momwe munanenera, ababa. Sindinadziwe kuti ndiukonze bwanji."

Ndinafuna kumufunsa pomwepo ngati akufuna kutsala kapena kupita. Mawuwo anafika pamilomo. Mayi ake anandiyang'ana, ndipo ndinamva chimene ankanena osalankhula, kuti tamusenzetsa zokwanira. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinatseka pakamwa. Ndinamuitana, anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wanga, ndinaika dzanja pamutu pake. Tinakhala choncho mpaka mthunzi unasuntha.

M'mawa mwake ndinawadikira pasiteji ya Songani. Kalipentala uja anandipatsa moni ndi manja awiri, ine ndinamuthandiza kukweza matumba. Mwanayo anavala diresi langa, pamwamba pake juzi yakale ya mayi ake yomufika m'mawondo. Anakhala pawindo. Minibasi itayamba kuyenda kulowera ku Liwonde sanakweze dzanja, anangondiyang'ana mpaka anakhota. Ndinabwerera pakhonde, ndinapeza singano zinayi mwa zisanu zija zikadali ndi ulusi wake.

Sabata yomweyo ndinaimba nambala ija. Kuyambira pamenepo timalankhulana Lamulungu lililonse masana, iwo akaweruka kutchalitchi. Timakamba za sukulu, za chifuwa chimene chimamuvuta nthawi yozizira, za nsapato. Nthawi zina timasemphana, koma timasemphana tokha, kenako iwo amati, "Nayu mwana," n'kumupatsa foni. Si chinthu chovuta. N'chimene chimandipweteka kwambiri, kuti sichinali chovuta.

Diresi lamaluwa lija linamuthina patangotha miyezi inayi. Mayi ake anandiuza mosanyoza, anangoti lapita kwa mwana wa oyandikana nawo. Ndinatsitsa chingwe chachitali chija pamsomali, ndinagula nsalu yokhuthala, ndinasoka madiresi awiri a manja aatali motsata mfundo zonse zisanu, n'kutumiza pa basi. Anati akumukwana bwino, ndipo pali pofutukula.

Mwanayo anabwera patatha zaka ziwiri, pa tchuthi, kudzaona agogo ake ku Zomba, ndipo anapatula tsiku limodzi la ine. Anatsika minibasi mtsikana wamtali amene ndikanamudutsa pamsika osamuzindikira. Anagwada pakhonde n'kundipatsa moni waulemu, wa mlendo. Ndinamuimika pachipilala. Pakati pa chizindikiro chomaliza ndi mutu wake panali mpata woposa chikhatho changa, wopanda mkando ngakhale umodzi. Ndinagula chinangwa ndi tsabola, anadya pang'ono, anati anazolowera mbatata.

Tili chikhalire pabenchi, kafoni kamene mayi ake anamubwereka kanalira. Anayankha akumwetulira.

"Ndafika bwino, ababa. Eya, ndili pa Songani."

Anazindikira mawuwo atatuluka kale. Kumwetulira kunazima. Anandiyang'ana, anayang'ana pansi, ndipo ndinaona nkhope ija ya masiku a Loweruka, ya mwana amene akufunafuna msanga mawu oti akonze. Anaphimba foniyo ndi dzanja.

"Ndi ankolo," anatero. "Akupatsani moni."

Sindikudziwa ngati bamboyo anaperekadi moniwo. Ndinatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno, mwanangu," ndinatero. "Ndiwayankha ndekha."